Mayi Nambala 14

Kwathu kunalibe vuto loti ndinganamizire. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu akamva nkhani yanga amathamangira kundifunira chifukwa: kaya umphawi, kaya makolo ankhanza, kaya moyo wakuchilendo. Ayi ndithu. Ine Zakiyya ndinakulira m'nyumba ya mtendere, zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Parow. Ababa, a Abubakar, ndi telala. Ali ndi kashopu pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo Mmalawi wa ku Cape Town kuno amene sanavalepo chosoka chawo ndiye kuti wangofika kumene. Amayi, a Aishah, amakazinga samusa ndi mandasi n'kumaperekera m'mashopu. Tinachoka ku Mangochi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo makolo angawa anali ndi nyimbo imodzi yokha, ya sukulu.

Mutu ndinali nawo, zimenezo sindikana. Ndinakhoza mpaka ku yunivesite, kumene ndinaphunzira za umoyo wa anthu, ndipo anandisunga kuti ndichite digiri yachiwiri. Kumzikiti ababa anasiya kutchedwa atelala, anthu anayamba kumati "bambo a dokotala." Ndinkawauza kuti si udokotala wobaya jakisoni, koma ndani ankandimva?

Mphunzitsi wondiyang'anira anali a Dokotala Laila, mayi wa konkuno, wamfupi, wosadziwa nthabwala pa ntchito. Tsiku lina anandiitanira mu ofesi mwawo.

"Zakiyya, amayi ochokera ku Malawi ndi ambiri mumzinda muno, koma palibe anawafunsapo za mankhwala awo. A BP, a shuga, ma ARV. Amawapeza kuti, amamwa bwanji, ena amasiya chifukwa chiyani? Ine chilankhulo chawo sindimva, iwe umamva. Ucheze ndi amayi makumi anayi, mmodzimmodzi, ulembe zimene anena. Zikatuluka m'magazini ya madokotala, makiliniki adziwa mowathandizira."

Amayi anga atamva, anaitenga ntchitoyo ngati yawo. Anaimba mafoni sabata yathunthu, ndipo Lamulungu lina masana pabwalo pathu panadzaza amayi ochokera ku Langa, ku Masiphumelele ndi kwina konse. Ataona mapepala osaina, ambiri anayamba kukodolana.

"Si za a imigireshoni zimenezi?" anafunsa wina.

"Mwanayu ndi wanga," anatero amayi. "Akakupusitsani, mubwere kwa ine."

Ndinawafotokozera kuti dzina la munthu silidzatuluka paliponse, aliyense apatsidwa nambala. Papepalapo ndinkangolemba zaka, boma lochokera, ntchito, ndi zaka zimene munthu wakhala muno. Za matenda tidzakambirana pa awiri.

Amene anathetsa mantha onse anali anti Sauda, atafuula ali pakati pa mzere. Si m'bale wathu wamagazi, koma iwo ndi amayi anali a mbale imodzi, ndipo nditatha msinkhu ndi iwo amene anandilangiza. Kwawo ndi ku Ntaja, ku Machinga. Sabata yonse ankagona ku Fish Hoek, kumene ankasamalira gogo wina wachizungu, ndipo Loweruka ankabwerera ku Langa kwa amuna awo, a Sultani, mlonda wa pa fakitale. Ana awo anayi anali kumudzi.

"Sainani, amayi inu, pepala limaluma?" anatero uku akuseka. Atafika pa tebulo anandiuza kuti, "Ine wanga ndi BP basi, wondipatsa ndi ankolo akowa. Ubwere ku Fish Hoek Lachitatu masana, agogo anga akagona, ndidzakuuze zonse."

"Ndibwera, anti."

Sindinapite.

Ntchitoyo sinali monga ndinkaiganizira. Amayi ambiri amapuma Lamulungu lokha. Kuti upeze mmodzi umakwera sitima, kenako takisi, kenako wapansi, mvula ya mu Julayi ikukupanda ndi mphepo yake yomwe. Ukafika, munthu akulandire, akupangire tiyi, akufunse za makolo, akuuze za landilodi, ndipo za mankhwala muzifika patatha maola awiri. Pobwerako uyenera kulemba zonse m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Ndinachita kawiri, katatu, mtima n'kuyamba kulemera. Lamulungu likafika ndinkati kwazizira, sabata yamawa. Sabata yamawayo ikafika ndinkapezeka ndili pa bedi ndi foni, kapena ku mall. Miyezi itatu inatha ndili ndi amayi asanu ndi awiri okha.

Ku mall ndinkapita ndi Bridget, mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Blantyre wodziwa kuvala ndi kulankhula. Iye zake zinkatha nthawi isanakwane, koma sindinamuonepo atatopa. Tsiku lina ku kantini ndinamudandaulira.

"Amwali, mukukhala chaka chanji inu?" anatero akutsegula laputopu. "Anthu anasiya kalekale kuvutika. Pali AI."

Pulogalamu imeneyi ndinkaidziwa. Umailembera zimene ukufuna ngati ukulembera munthu, iyo n'kukuyankha nthawi yomweyo. A Dokotala Laila anali atatiuza kale malire ake. Anati kukonzera Chingerezi n'kololedwa, bola uulule kuti unaigwiritsa ntchito, koma mawu a wodwala ndi manambala a kafukufuku zisachokere kwina kulikonse koma kwa wodwalayo.

Ndinamukumbutsa Bridget zimenezi. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Asanu ndi awiri ako aja anena chiyani chachilendo? Mzere wa ku kiliniki ndi wautali, abwana salola kuchoka, manesi amalankhula Chixhosa. Ukapita kwa ena 33 akakuuza zomwezo. Ndiye unyowerenji ndi mvula pofuna kumva zimene ukuzidziwa kale? Si bodza limenelo, iwe, ndi kungofulumizitsa."

"Nanga akadzazindikira?"

"Ndani? A Laila amamva Chichewa? Mayina mulibe. Ukulakwira ndani pamenepa?"

Kunena zoona, yankho la funso limenelo sindinalifunefune.

Madzulo a tsiku lomwelo, amayi akukazinga anyezi kukhitchini, ndinatseka chitseko. Ndinaika m'pulogalamu muja mayankho a amayi asanu ndi awiri aja, ndi mndandanda wa otsalawo: nambala, zaka, boma, ntchito. Ndinailembera kuti indipangire mayankho a aliyense, ndipo aliyense alankhule mosiyana ndi mnzake. Anyezi asanapse n'komwe, amayi 33 anali atalankhula. Makinawo anagawa matenda okha, uyu shuga, uyu BP, uyu kachilombo. Pansi pake analemba kuti izi ndi zitsanzo zopeka chabe, zisatengedwe ngati zonena za anthu enieni. Ndinawerenga mzere umenewo bwinobwino, kenako ndinaufufuta.

Muone, ngakhale makinawo anandichenjeza. Wochimwa ndinali ine.

Patapita masabata awiri tikudya, amayi anati, "A Sauda akufunsa kuti ubwera liti. Akuti Lachitatu lililonse amasunga keke ya agogo awo."

"Ndapeza kale okwanira, amayi. Enawo sakufunikanso."

"Sakufunika? Ndiye anasainiranji? Anthu aja anasiya zochapa zawo kubwera pano chifukwa cha ine."

"Zinthu zinasintha. Masiku ano kompyuta imathandiza."

Ababa anaika supuni pansi. Iwo salankhula kawirikawiri pa chakudya.

"Kompyutayo inapita ku Langa?"

"Ayi, ababa, koma imadziwa mmene anthu amayankhira."

"Ine ndasoka zaka makumi atatu. Munthu akangolowa pakhomo ndimadziwa kuti chiuno chake ndi mwakuti. Koma sindidula nsalu ndisanamuike tepi. Tsiku limene ndidzadule ndi maso, ndidzaononga nsalu ya mwini wake, osati yanga. Pita kwa anthu aja, Zakiyya."

"Ndamva, ababa."

Mumtima ndinkati, za yunivesite mungazidziwe inu a singano? Mawu amenewo sindinawatulutse, koma Allah anawamva, ndipo mpaka lero amandichititsa manyazi.

A Dokotala Laila atawerenga mayankho onse aja anasangalala, koma anafunsa mawu ojambula. Ndinawauza kuti amayi ambiri alibe mapepala okhalira muno, ndiye anakana kujambulidwa mawu, ndinkangolemba m'kope.

"Zimachitika," anatero. "Undibweretsere makopewo."

Ndinagula makope atatu. Masiku khumi ndinakhala ndikulemba ndi dzanja m'Chichewa zimene makina anapeka, kusinthasintha mabolopeni, mwina kudonthezapo tiyi kuti zioneke zoyendayenda. Dzanja linatupa. Ntchito yobisa bodzayo inaposa ntchito imene ndinkathawa, koma uchitsiru ukakugwira suona zimenezo.

Pa mayankho onse, amene anakoma kwambiri anali a Mayi Nambala 14. Bridget atawaona anaomba m'manja. "Awa ndiye akutulutsa m'magazini, amwali. Uwaike pamwamba." Ndinawaikadi pamwamba, ndi zilembo zopendeka. Sindinatsegule n'komwe fayilo ya mapepala osaina kuti ndione kuti 14 ndi ndani. Pofika nthawi imeneyo amayi aja anali atasanduka manambala m'mutu mwanga.

Chaka chotsatira nkhani ya kafukufukuyo inatuluka m'magazini ya madokotala, dzina langa patsogolo, la a Dokotala Laila pambuyo. Kunatsala masabata atatu kuti ndivale gauni lolandirira digiri, ndipo bungwe lina linali litandilonjeza ntchito. Ababa anagwetsa misozi. Anapita kukasindikiza masamba onse, ena anamata pakhoma la shopu, ena anapita nawo kumzikiti Lachisanu, ndipo anatumizanso pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Cape. Ndinawasiya. Ndinkati ndani angawerenge Chingerezi cha madokotala?

Anthu a kwathu amawerenga. Chingerezi chovutacho anachidumpha, anapita pa zilembo zopendeka zija, ndipo wina anazimasulira pa gulu pomwepo:

"Ma ARV anga ndimasunga kuntchito. Amuna anga sadziwa kuti ndili ndi kachilombo, ndipo sadzadziwa." Mayi 14, zaka 48, wa ku Machinga, wosamalira wokalamba ku Fish Hoek, wakhala muno zaka 12.

Ku yunivesite, ukachotsa dzina ndiye kuti wamubisa munthu. Kwa ife sizili choncho. Ife timadziwana ndi boma lochokera ndi kumene munthu amagwira ntchito, dzina limabwera pambuyo. Mayi wa ku Machinga wosamalira gogo ku Fish Hoek analipo mmodzi yekha. Pasanathe ola, wina anali atalemba kale pa gulupo kuti, "Awa ndiye tikuwadziwa."

Loweruka masana a Sultani anagogoda kwathu. Ababa anali kushopu, amayi atapita kukaperekera samusa. Anali atavala yunifolomu ya ulonda, tsamba limodzi atalipinda m'manja. Anakana mpando.

"Zakiyya, mwana wanga, ine sukulu sindinapite nayo patali. Pepalali andiwerengera anthu atatu osiyana, ndipo onse akunena zofanana. Mkazi wanga amasungadi mankhwala ku Fish Hoek, amati ndi a BP. Iye akulumbira kuti sunacheze naye n'komwe. Ndabwera kwa iwe mwini wake. Mayi 14 ameneyu ndi Sauda?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Yankho linali lapafupi, mawu ochepa chabe: ankolo, ndinapeka. Koma m'maso mwanga munabwera gauni, munabwera ntchito ija, munabwera nkhope ya ababa kumzikiti. Ndiye ndinatola mawu amene anatiphunzitsa m'kalasi kuti tizitetezera odwala, n'kudzitetezera nawo ndekha.

"Ankolo, malamulo a kafukufuku salola kuti ndiulule za munthu aliyense."

Anaika tsamba lija m'thumba.

"Sunakane," anatero. "Zikomo, mwana wanga. Ndamva."

Amayi atabwera n'kumva kuti a Sultani anafika, anandikokera kuchipinda.

"A Sauda andiimbira akulira. Unapita ku Fish Hoek kapena sunapite?"

"Mayi 14 ndi munthu wina, amayi."

"Wina uti? Amayi onse aja ndinawaitana ndine, ndikhoza kukutchulira mmodzimmodzi ndi midzi yawo. Usandiyese mwana. Unapita?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Ya Allah! Ndiye mawuwa anachokera kuti?"

Ndinawauza zonse. Amayi anakhala pansi pa simenti, osati pa bedi, n'kugwira mutu.

"Vala nsapato. Tikupita ku Langa pompano."

"Amayi, chonde. Masabata atatu okha. Ndivale kaye gauni, kenako ndikonza zonse. Ndikaulula lero andichotsa sukulu. Zaka zonsezi zipite pachabe? Ababa afa nazo zimenezi."

Ndinalira, ndinagwada, ndinawagwira miyendo. Ndinkadziwa pofewa pa amayi anga ndipo ndinapondapo dala. Pamapeto pake anati, "Wandisandutsa mnzako pa tchimo lako." Sitinapite ku Langa, ndipo ababa sitinawauze.

Masabata atatu ndi ochepa kwa munthu amene akudikira gauni. Kwa anti Sauda anali okwanira kugwetsa chilichonse.

Lolemba anapempha abwana awo, anapita ku kiliniki kukayezetsa, n'kutengera amuna awo zotsatira. Munalibe kachilombo. A Sultani anataya pepalalo pansi. Anzawo kuntchito anali atawauza kale kuti munthu akamwa mankhwala nthawi yaitali sikaoneka. "Pepala la ku kiliniki ndi la ku yunivesite, lalikulu ndi liti?" anatero. Kachilomboko pakokha si chinthu chothetsa banja. Pa amayi asanu ndi awiri amene ndinachezadi nawo, awiri amamwa ma ARV ndipo ali bwinobwino m'mabanja mwawo. Chimene chinawadya a Sultani ndi mawu akuti "sadzadziwa." Ankati mkazi amene wakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi wauza mwana wa sukulu chinsinsi chimene anabisira mwamuna wake, ndipo tsopano Cape Town yense akumuseka. Sabata yachiwiri anaitana mboni ziwiri n'kuwapatsa anti Sauda talaka, ukwati n'kuthera pomwepo. Zovala zawo anaziika m'matumba awiri panja.

Nkhaniyo sinathere kuno. Mafoni anaifikitsa ku Ntaja, itakula kale. Kumeneko inafika yakuti a Sauda anali ndi chibwenzi ku Fish Hoek.

Zonsezi ndinkazimva kudzera kwa amayi, amene anasiya kundiyang'ana kumaso. Ndinamuimbira Bridget. Anandimvetsera pang'ono n'kunena kuti, "Ine ndinangokuonetsa pulogalamu, amwali, batani unadina wekha. Dzina langa lisamveke." Anadula, ndipo nambala yanga anaitseka.

Kutatsala masiku anayi kuti ndivale gauni, Lamulungu masana, anti Sauda anabwera ku Parow. Anali ataonda, mpango utamangidwa mwachisawawa. Ababa analipo, akusita gauni langalo pa tebulo. Anti anapereka salamu, anakhala pa mpando, n'kundiitana kuti ndikhale pafupi. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwina kundimenya kumene. Bola akanatero.

"Zakiyya, ndakhala ndikuganiza mpaka mutu kuwawa. Ndinakulakwira chiyani? Kapena pokulangiza paja ndinakulankhula mawu owawa? Undiuze, ndipepese."

"Simunandilakwire, anti."

"Ndiye alipo anakutuma? Alipo mkazi amene akufuna ankolo ako? Usaope, ingonditchulira dzina, ndidziwe mdani wanga."

"Palibe, anti."

"Nanga mawu aja ananena ndani?"

Ababa anali ataimitsa simbi m'mwamba. Pamenepo zonse zinatuluka: ulesi wanga, mndandanda, makina, makope atatu, yankho limene ndinawapatsa a Sultani. Ndinanenanso kuti poika mawuwo pamwamba sindinayang'ane n'komwe kuti 14 ndi ndani.

Anti Sauda anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu amene akufuna kumvetsa mtengo wa chinthu pamsika.

"Ndiye kuti palibe amene ankadana nane?"

"Palibe."

"Banja langa latha, ana anga akuyenda chowerama ku Ntaja, ndipo palibe ngakhale munthu mmodzi amene anandiganizira choipa? Unangoona kuti ku Fish Hoek n'kutali?"

Anapukusa mutu n'kupitiriza.

"Bola ukanadana nane, mwana iwe. Ndikanadziwa kuti unandikumbukira."

Ababa anazimitsa simbi, anapinda gauni lija bwinobwino n'kulibwezera m'pulasitiki mwake. Anangoti, "Mawa ndikuperekeza kusukulu kwako." Kenako anatuluka, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anapita kushopu kukamatula masamba aja pakhoma.

A Dokotala Laila sanakweze mawu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Ndinakupatsa ntchitoyi chifukwa ndiwe wekha amene amayi aja akanakukhulupirira." Dzina lawonso linadetsedwa chifukwa cha ine. Nkhani ija inachotsedwa m'magazini, ine anandichotsa sukulu, ntchito ija inapita. Chidziwitso chochotsera nkhaniyo chinali mizere inayi ya Chingerezi. Ababa anachitumiza pa gulu lomwe lija, koma palibe anachimasulira, palibe anachitumiza ku Ntaja.

Lachisanu, mapemphero atatha, ndinaima panja pa mzikiti pamaso pa amuna ndi akazi, ababa ali pambali panga. Ndinanena ndi pakamwa panga kuti anti Sauda sananene mawu aja, kuti amayi 33 sindinacheze nawo, kuti ndinanamiza a Sultani. Ena anapukusa mitu. Mayi wina kumbuyo ananong'oneza mnzake, koma ndinamva: "Amugula kuti asinthe mawu ameneyu." Amayi anga kuyambira tsiku limenelo akaitana anthu pa chilichonse, amabwera owerengeka.

A Sultani anapita ku Fish Hoek katatu. Ulendo wachitatu anatenga ababa ndi a shehe, n'kugwada pa geti la mzungu, bambo wamkulu ndi ndevu zake zoyera. A shehe anati njira yobwererana ilipo. Anti Sauda anawamvetsera onse mwaulemu.

"Ndinakulumbirirani, bambo a ana anga," anatero. "Ndinakubweretserani magazi anga papepala. Munasankha kukhulupirira mawu a munthu wopanda dzina. Mawa kukatuluka pepala lina mudzatani?"

Mwezi utatha anasiya ntchito. Anati akufuna akaonekere okha kwa ana awo, awaone ndi maso kuti ndi omwe aja. Tinawaperekeza kokwerera basi ya ku Joni, kumene akakwere ina ya ku Malawi. Ine ndinanyamula chikwama chawo chachikulu, ndipo sanandiletse. Katundu atalowa, ndinagwada pa simenti pomwepo, anthu akuona.

"Anti, ndikhululukireni."

Anandidzutsa ndi dzanja limodzi.

"Ndinakukhululukira kale, chifukwa nanenso ndikufuna Allah adzandikhululukire. Koma usaganize kuti zatha. Nkhani yako inafika ku Ntaja kalekale, ine ndikuitsatira pambuyo. Ndikatsika basi, anthu akaona mayi uja wa ku Fish Hoek. Ndidzafotokozera angati?"

Anakwera. Anakhala mbali ya kutali ndi ife, ndipo basi inanyamuka osatiyang'ananso.

Papita chaka ndi miyezi. Ndimathandiza amayi kukazinga samusa, ndipo masana ndimagulitsa m'shopu ya nsalu kuno ku Parow. Bridget anavala gauni lake, ndimamuona pa zithunzi. A Sultani anasamuka ku Langa, palibe akudziwa bwino kumene ali. Anti Sauda akugulitsa tomato pa msika wa ku Ntaja, ndipo amayi akawaimbira amayankha mwaulemu, mwachidule, ngati akulankhula ndi mlendo.

Inu amene muli pa sukulu, makamaka inu amene mudzalembe za matenda a anthu, ndimvereni ine amene ndinagwa. Makina aja si Satana, ndipo sanandikakamize. Amalemba chilichonse chimene wawapempha, mwachangu ndi mokoma, koma sadziwa kuti kuseri kwa nambala kuli munthu amene ali ndi mwamuna, ana ndi mudzi. Wodziwa zimenezo ndiwe. Ulesi ndi tchimo, ndipo suyenda wokha: wanga unabala bodza, bodzalo linabala mantha, mantha ananditseka pakamwa pa tsiku limene mawu anga akanapulumutsa banja. Usalembe kuti munthu ananena chimene sunamve ndi makutu ako. Ukalakwa, ulula tsiku lomwelo, usadikire kuti zako zithe kaye. Digiri ndikhoza kudzaipeza kwina ndikakula mtima. Koma ku Ntaja kuli mayi wa zaka makumi asanu amene akukalamba yekha chifukwa ine ndinaona kuti kukwera sitima ya ku Fish Hoek Lachitatu limodzi n'kotopetsa.